Wotchi Yaulemu ya a Sitima

Pa siteshoni ya ozimitsa moto panali bambo wina amene anzawo ankawatcha a Sitima. Dzina lenileni linalipo, koma linkangogona m'mafayilo a mu ofesi. La Sitimali analitenga ali mnyamata, chifukwa akaponya paipi ya madzi paphewa n'kuuyatsa ulendo, panalibe wowaimitsa mpaka atafika pamene moto ukulilima. Koma zimenezo zinali zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Masiku ano sitimayo inkadzuka pabedi chogwira khoma, mawondo akulira ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo majombo a kuntchito inkavala itakhala pansi.

M'galimoto yofiira ija anali ndi mpando wawo: kumbuyo kwa dalaivala, pafupi ndi chitseko, kuti azikhala oyamba kutsika. Chikopa cha mpandowo chinali chitalowa mkati motsata thupi lawo, moti munthu wina akakhalapo ankadandaula kuti mpando ngopendekeka. Zinangotsala zaka zitatu kuti apume pantchito, ndipo mtima wawo unkafuna chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku lomaliza adzatsike pampando umenewo. Sankafuna kukathera ku stolo, kachipinda ka kuseri kopanda zenera, kumene ankaikako anthu otha mphamvu kuti aziyanika mapaipi ndi kupukuta zipewa za anzawo.

Tsono chaka ndi chaka aliyense wokwera galimotoyo ankayesedwa mphamvu. Mayeso ake anali osavuta kuwamva: kuzungulira bwalo la masewera maraundi sikisi, osaima, mphindi khumi ndi ziwiri zisanakwane. Chaka chatha a Sitima anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, atatsala ndi masekondi anayi okha. Chaka chino panabwera chikalata chochokera kulikulu, n'kukhomedwa pakhomo la kantini: wopitirira zaka makumi anayi ndi zisanu akalephera, atsike m'galimoto ndipo asadzakwerenso. A Sitima anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Anachiwerenga kawiri chikalatacho, tiyi akuzizira m'manja.

Panali masabata asanu ndi limodzi kuti tsikulo lifike. Kuseri kwa siteshoni kunali kamsewu kozungulira nyumba zosungiramo katundu, ndipo a Sitima anakayeza mwa njira ya ozimitsa moto. Paipi imodzi ndi mamita makumi awiri. Anaiyala pansi, kuikoka, kuiyalanso, maulendo makumi awiri, n'kupeza kuti kamsewuko n'kofanana ndendende ndi raundi imodzi ya bwalo. Apo analemba mzere ndi khala. Mwa tsoka, kapena tinene mwa mwayi wa ulesi, pamzere pomwepo panali mtengo wa mthunzi wabwino, ndipo pansi pa mtengowo panali mpopi.

Kathamangidwe kawo kanali kotere. Amadina batani la wotchi ya pamkono, n'kuchoka ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Akabwerera pamzere, chala chimadinanso batani, wotchi imaima. Kenaka amatsamira mtengo, kumwa madzi, kudzithira kumutu, kudikira mtima ubwerere m'malo mwake. Phuma likatha amadinanso, ulendo wachiwiri. Abale inu, wotchi imeneyo inali yaulemu kwabasi. Bwana wake akaima, nayo inkaima; sinkawerenga za munthu wamkulu akupuma.

Ndipo musati a Sitima anachita kuzipeka zimenezi. Ndi mmene ntchito inawaphunzitsira kwa zaka zonsezo. Pamoto munthu umathamanga masitepe makumi asanu ndi paipi, n'kuima. Umakwera makwerero, n'kuima. Mphamvu zonse umazikhuthula nthawi imodzi, kenaka umapuma podikira madzi. Thupi lawo linkadziwa liwiro la mtundu umenewo, ndipo linali lisanawanamizepo.

Madzulo ena anafika kunyumba ndi kakope m'thumba la malaya. Akazi awo anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, pakati pa mulu wa zidutswa za nsalu ndi mpando wa makasitomala. Tsiku limenelo ankamasula m'chiuno mwa buluku la yunifomu ya amuna awo, kachitatu pa zaka zinayi.

"Imani bwino, bambo," anatero, tepi ili m'manja, mapini ali pamlomo. "Musakokere mimba mkati. Tepi simungaipusitse."

"Za mimba zisiyeni, mayi. Taonani apa." Anatsegula kakope kaja. "Raundi imodzi ndikuthamanga mphindi imodzi ndi masekondi makumi asanu. Lero, dzulo, dzana, chimodzimodzi. Muchulukitse ndi sikisi. Mphindi khumi ndi imodzi, ndendende! Yatsala mphindi yathunthu, yoti nditha kuima n'kuwapatsa moni a bwana."

Pansi pa tsambalo panali polembedwa 11:00, manambala akuluakulu, ozunguliridwa kawiri ndi bolopeni yofiira.

Mayiwo anachotsa mapini pamlomo. "Maraundi sikisiwo munawathamanga pamodzi?"

"Onse, tsiku limodzi."

"Sindinati tsiku limodzi, bambo. Ndati pamodzi."

"Masamu sanama, mayi."

"Kaya. Ine zakusukulu zinandidutsa. Koma diresi yoyamba m'mawa ndimaisoka ola limodzi. Yachisanu ndi chimodzi, msana utauma gwa, maso akuchita chidima, ulusi ukukana kulowa pasingano, imandidyera maola awiri. Makina omwewo, munthu yemweyo."

"Kusoka si kuthamanga."

"Chabwino. Kwezani mikono."

Sanatsutsenso, pakuti anali atakhala nawo pabanja zaka zokwanira kudziwa kuti mwamuna ameneyu ukamukankha amazika miyendo pansi. M'malo mwake anatumiza uthenga kwa mchimwene wawo, mphunzitsi wa masewera pa sekondale ina yapafupi, munthu wowonda wosachedwa kuseka, amene moyo wake wonse unali wa wezulo ndi wotchi.

Loweruka m'mawa mphunzitsiyo anatulukira pakhomo atavala zothamangira. "Alamu, ndamva kuti mwasanduka mphepo. Tiyeni kubwalo la kusukulu kwathu tikaone, mwina tikulembeni mu timu."

A Sitima anaponya diso kwa akazi awo, amene mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kuthira mafuta makina. Kukana kukanaoneka mantha, choncho anapita.

"Lamulo ndi limodzi," anatero mphunzitsi atafika pabwalo. "Wotchi ikhala yanga, ndipo yangayi ilibe chisoni. Musaime mpaka nditanena."

Raundi yoyamba inatha pa mphindi imodzi ndi masekondi makumi asanu, monga mwa kakope. A Sitima anadutsa pamzere akumwetulira. Yachiwiri, popanda mtengo, popanda mpopi, inatenga mphindi ziwiri. Yachitatu inatenga mphindi ziwiri ndi masekondi khumi, ndipo pothera pake a Sitima anapatuka okha, n'kugwira mawondo, malovu akuchucha, m'chifuwa mukulira mluzu. Palibe amene anawauza kuti aime.

Mphunzitsi anawasiya apume, kenaka anagwada n'kulemba pansi ndi kamtengo. Kuseka kuja kunali kutatha.

"Alamu, ndikuuzeni mosapsatira. Raundi iliyonse mukuwonjezera masekondi khumi. Mukapitiriza choncho, yachinayi, yachisanu, yachisanu ndi chimodzi, mudzafika pa mphindi khumi ndi zitatu ndi theka. Nthawi yanu yeniyeni lero ndi imeneyo. Ya m'kakope ija ndi ya munthu amene amapuma kasanu panjira."

"Dzulo ndinali pantchito tsiku lonse. Miyendo inali yolema kale."

"Mwina. Koma masabata anayi alipo, ndipo ngokwanira. Siyani liwiro lija. Muzithamanga pang'onopang'ono, maraundi asanu ndi awiri, asanu ndi atatu, osaima, katatu pa sabata. Zidzawawa, sindikunamizani. Tsiku la mayeso mudzayambe mofatsa, raundi iliyonse pansi pang'ono pa mphindi ziwiri, ngakhale anzanu akusiyeni. Ndipo batani la wotchi yanulo musalikhudze mpaka pamapeto."

"Mwatha, aphunzitsi?" anatero a Sitima akuwongoka. "Ine ndinayamba kuthamanga ndi mapaipi inu mukadali pa folomu wanu. Za lerozi sitiwerengera."

Ndipo sanawerengeredi. Tsiku limenelo m'kakope simunalembedwe kalikonse.

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo pang'ono, chifukwa a Sitima sanali opusa. Anali otopa. Kutopa kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri za belu lolira munthu uli pakati pa chakudya, za utsi m'mapapo, za kunyamula anthu olemera pamakwerero opapatiza. Raundi imodzi yaliwiro inkawawa kanthawi kochepa, n'kuwasiya akudzimva kuti akadali Sitima wakale. Koma raundi yachitatu ija inawafikitsa pamalo ena, pamene thupi limakuuza zaka zako zonse mosabisa, ndipo kumeneko sankafuna kubwererako. Ankachita mantha. Namba yofiira ya m'kakope inkawalola kugona tulo, pamene ya alamu awo inkawakhalira pachifuwa. Anasankha yowagonetsa tulo.

Pa siteshoni panalinso wina wa msinkhu wawo amene chikalata chija chinkamukhudza: dalaivala wa galimoto yofiira, bambo wamimba yake, woyenda ngati sakufuna. Iyeyu ankazungulira kamsewu komweko, koma maraundi onse sikisi osaima, mapazi akukhwekhwereza pansi. Sabata yoyamba wotchi inamuuza mphindi khumi ndi zitatu ndi masekondi makumi anayi, ndipo iye analowa m'kantini n'kulengeza yekha. "Anthu inu, ndafa ine. Yambani kufuna dalaivala wina." Mawa lake anapitanso.

A Sitima ankamuonerera ali pamthunzi, madzi akudontha kumutu. "Achimwene! Mukuthamanga kapena mukufunafuna kiyi wotayika?"

"Ndikamupeza ndikuuzani," ankayankha dalaivala, mawu akudukaduka, osatembenuka.

Masabata anayi anatha choncho. Kakope kanadzaza ndi manambala okongola, ena mpaka otsika pa aja oyamba. Pakhomo akazi awo anasiya kufunsa. Ankangowawiritsira madzi othowa mawondo madzulo.

Tsiku la mayeso linafika ndi dzuwa la m'mawa lowawa kale. Pabwalo panali anthu khumi ndi anayi a pa siteshoni, bwana wawo ali ndi wezulo pakhosi, ndi mayi wina wochokera kulikulu atanyamula wotchi ndi pepala la mayina. Mayiyo sankadziwa kuti Sitima ndani, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti alibe nazo ntchito. Kunja kwa mpanda kunaima anthu awiri: telala atafunda nsalu kumutu pothawa dzuwa, ndi mchimwene wake mphunzitsi.

Wezulo inalira. A Sitima anadina wotchi yawo n'kuchoka ngati kale, mutu kumbuyo, mikono ikupalasa. Anadutsa anzawo amene anabadwa iwo atayamba kale ntchito. Kumpanda mphunzitsi anakuwa kuti, "Alamu, bwezani moto!" koma mawu ake anamira m'phokoso la anthu a ku kantini amene anabwera kudzaonerera ndipo ankaomba m'manja. "Sitima! Sitima yadzuka!" Ha, kukoma kwake! Kwa mphindi imodzi ndi masekondi makumi anayi ndi asanu, bambo uja anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

Atafika pamzere, miyendo inachita zimene inaphunzitsidwa kwa masabata asanu ndi limodzi: inayamba kuima. Maso anafuna mtengo, kukhosi kunafuna mpopi. Kunalibe mtengo, kunalibe mpopi, kunali mayi wa kulikulu yekha akuti, "Pitirizani, bambo, atsala asanu." Anadzikoka n'kupitiriza.

Raundi yachiwiri inadya mphindi ziwiri. Pa yachitatu anyamata aja anayamba kuwadutsa mmodzimmodzi, ena akuyang'ana kumbali chifukwa cha ulemu. Mluzu uja unayamba m'chifuwa. Pa yachinayi dziko linachepa, linangotsala mzere woyera wa pansi ndi kugunda kwa m'makutu. M'manja muja munali mutaleka kuombedwa. Ndiye kumbuyo kwawo anamva phokoso limene ankalidziwa bwino, khwe, khwe, khwe, mapazi okhwekhwereza. Dalaivala anafika pambali pawo, thukuta lili kamukamu, liwiro lake lomwe lija losasintha.

"Tiyeni, akulu," anatero mopumira m'mwamba. "Gwirani msana wangawu. Tipitire limodzi."

Anayesa. Mulungu ndi mboni, anayesa. Anaugwira msanawo ndi maso masitepe makumi awiri, makumi atatu, kenaka unayamba kutalikira, ndipo analibe china choti atulutse. Mphamvu zonse anali atazimwaza pa raundi yoyamba, pogula kuomba m'manja kwa anthu a ku kantini.

Pomaliza raundi yachisanu anamva mayi uja akuwerenga nthawi mokweza: mphindi khumi ndi masekondi makumi asanu. Ngakhale mutu unali utazungulira, masamu amenewo anawamva. Inatsala mphindi imodzi ndi timasekondi, ndipo raundi yathunthu inali patsogolo. Ngakhale Sitima wa zaka makumi awiri ndi zisanu sakanaikwanitsa.

Wezulo yotsekera inalira iwo ali tsidya lina la bwalo, asanafike n'pakati pomwe. Akanatha kupatuka pomwepo n'kukhala pansi, ndipo palibe akanawanena. Koma anapitiriza okhaokha pabwalo lonselo, mwendo uno, mwendo uwo. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kuti athamange maraundi sikisi osaima.

Atadutsa mzere anagwa chokhala paudzu. Bwana wa siteshoni, amene anagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu, anabwera n'kunjuta pambali pawo. Anawaonetsa pepala la mayina lija. Pa dzina la dalaivala panalembedwa 11:52. Pa dzina lawo panalembedwa 13:26. Alamu awo, ndi kamtengo kolembera pansi, anangophonya ndi masekondi anayi.

"Pepani, akulu," anatero bwanayo. "Likanakhala lamulo langa..."

"Ndikudziwa, bwana."

Ndiye mwa chizolowezi anatembenuza mkono kuti aone wotchi yawo. Inali itaima. Chala chija chinadina batani chokha pothera pa raundi yoyamba, mwini wake osadziwa, monga chinkachitira tsiku ndi tsiku pansi pa mtengo. Pagalasi panali 1:45, nthawi yokongola kuposa zonse za m'kakope. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Akazi awo atafika ndi botolo la madzi anaiona nawonso. Anangowavula wotchiyo pamkono n'kuiika m'chikwama mwawo.

Lolemba anapatsidwa makiyi a ku stolo. Munali fungo la labala ndi chinyezi, mashelefu a zipewa, ndi mapaipi onyowa odikira kuyanikidwa. Cha m'ma teni koloko belu linalira. Thupi silinafunse: anapezeka ataponya nsanza pansi, atafika kale pakhomo, dzanja likufuna jekete pamsomali pamene panalibe jekete. Pabwalo la siteshoni anthu ankathamangira galimoto yofiira. Munthu wina anakwera kumbuyo kwa dalaivala, pafupi ndi chitseko, n'kudzisuntha kawiri pampando wopendekekawo kuti akhale bwino. Dalaivala anawaona a Sitima pagalasi, anakweza dzanja pang'ono, galimoto n'kutuluka pageti. Kulira kwake kunamveka mpaka kutali, kenaka kunazilala. A Sitima anabwerera mkati n'kutola nsanza ija.

Madzulo anapeza akazi awo pakhonde akuyeza kasitomala, akusowa polemba. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kakope kaja.

"Masamba akumapetowa ngoyera, mayi. Muzilembamo miyeso."

Mayiwo anakalandira ndi manja awiri. Potsegula anafikira patsamba la namba yofiira yozunguliridwa kawiri. Anayang'ana amuna awo, amene anali atakhala pasitepe akumasula zingwe za nsapato pang'onopang'ono, msana utapindika. Anatembenuza tsambalo mwakachetechete, n'kupitiriza kuyeza.

Mphindi khumi ndi imodzi zija a Sitima anazilemba, anazizunguliza, anagona nazo tulo masabata asanu ndi limodzi, koma sanazithamangepo n'kamodzi komwe. Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.